Chaching'ono N'chiti, Bowo Kapena Opaleshoni?

Alembi, akonzi a nkhani ndi omasulira akhala akuvutika kupeza dzina la Chichewa la njira yochotsera khansa ya m'matumbo imene madokotala amaitcha m'Chingerezi kuti "minimally invasive surgery" kapena "laparoscopic surgery". Dzina limene limafika msanga pakamwa pa womasulira ndi lakuti "opaleshoni yaing'ono". Ndi lalifupi, ndi losavuta kutchula, ndipo mawu obwereka amene alimo ndi amodzi okha, amenenso anakhazikika kale. Koma dzinali ndi lolakwika, ndipo kulakwika kwake sikuthera pa galamala: kukhoza kusocheretsa wodwala ndi abale ake pa nthawi imene ayenera kumva zoona.

Mawu atsopano a zachipatala sayenera kuyesedwa pa tebulo la akatswiri okha. Malo abwino owayesera ndi onga Kaning'ina, kum'mawa kwa mzinda wa Mzuzu, kumene kuli nkhalango yotetezedwa ndi kampu ya asilikali ya Moyale. Okonda mpira amalidziwa dzinali chifukwa timu ya Moyale Barracks imatchedwa Mikango ya ku Kaning'ina. Kumeneko kumakhala mabanja ochokera m'zigawo zonse za dziko lino, Atumbuka, Atonga, Ankhonde, Achewa, Ayao, Alomwe ndi Asena, ndipo kwa ambiri a iwo Chichewa ndi chiyankhulo chokumaniranapo, osati choyamwira. Munthu wotere amamva mawu monga momwe anenedwera, alibe agogo oti amuuze kuti eni ake amatanthauza zina. Akadwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chinatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la dziko la Taiwan, ndipo chimalandira odwala ochokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay ndi Likoma. Ena amapitirira ku Lilongwe kapena ku Blantyre, ena amatumizidwa ku India, kumene opaleshoni ya mtundu umenewu ndi yofala m'zipatala zikuluzikulu. Paulendo wonsewu pamakhala womasulira: namwino, gadiyani, kapena mwana wa wodwalayo amene anapita kusukulu. Zimene womasulirayo anene ndi zimene banja lidzadalire posaina chikalata chovomereza, posonkha ndalama, ndiponso poganiza ngati abale akumudzi aitanidwe kapena ayi.

Kuti kulakwika kwa dzinali kuoneke, nkofunika kufotokoza zimene zimachitika m'fiyeta. Wodwala amagonetsedwa ndi mankhwala, tulo tofa nato. Dokotala amaboola pamimba malo anayi kapena asanu, bowo lililonse la mamilimita pakati pa 5 ndi 12. Amapopera mpweya m'mimba kuti itukuke ndi kusiya mpata pamwamba pa matumbo. Pa bowo limodzi amalowetsa kandodo kokhala ndi getsi ndi kamera, kamene kamaonetsa za m'katimo pa kanema. Pa enawo amalowetsa zipangizo zazitali zogwirira, zodulira ndi zotsekera mitsempha. Ntchito imene amagwira m'katimo ndi yomweyo imene akanagwira atacheka mimba kuchokera pamwamba pa mchombo mpaka m'munsi. Amamanga mitsempha ya magazi yopita ku chigawo chodwalacho, amadula chigawocho pamodzi ndi mbali zabwino uku ndi uku, ndipo amachotsa mafuta amene chigawocho chamangirirapo, chifukwa m'mafutamo muli anabere, mmene khansa imayamba kufalikira. Anthu amadziwa mwanabere wa m'khwapa kapena wa m'mphechepeche amene amatupa munthu akakhala ndi bala. Anabere otero alinso m'mimba, ndipo oyeza ku labotale amafuna kuona osachepera 12 kuti anene bwino pamene matendawo afika. Chidutswa chodulidwacho kawirikawiri chimatalika masentimita 20 kapena 30. Sichingatuluke pa bowo la mamilimita 12, choncho dokotala amacheka malo amodzi, masentimita 5 kapena kuposerapo, n'kuchitulutsa. Kenaka amalumikiza mbali ziwiri zotsalazo. Zonsezi zimatenga maola awiri, atatu, nthawi zina anayi.

Tsono chaching'ono n'chiti pamenepa? Ndi khomo lolowera basi. Mawu a Chingereziwo, amene dokotala wa ku Britain John Wickham anawafalitsa m'zaka za m'ma 1980, sanena kuti opaleshoniyo ndi yochepa. Muonjezi "minimally" akuchepetsa kalowedwe, ndiye kuti kuvulaza khungu ndi minofu pofuna kufika m'kati. Womasulira akatenga mfotokozi "-ng'ono" n'kumuphatika pa dzina "opaleshoni", wasamutsa kuchepako kuchoka pa bowo kupita pa ntchito yonse. Choipa china n'chakuti dzinali lili kale ndi mwini wake. M'zipatala za dziko lino "opaleshoni yaing'ono" ndi kutumbula chithupsa, kusoka bala, kapena mdulidwe wa abambo, ntchito zimene munthu amangobayidwa jekeseni yochititsa dzanzi pamalo amodzi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kuika kudula matumbo m'dengu limodzi ndi zimenezi n'kuuza banja la ku Kaning'ina kuti palibe chifukwa chofunafunira wopereka magazi, kuti msilikali adzabwerera kuntchito Lolemba, kuti gadiyani mmodzi akwanira.

Ngozi yeniyeni imabwera munthu atatuluka m'fiyeta. Vuto loopsa kwambiri pa opaleshoni ya matumbo ndi kudontha kwa polumikiza paja, kumene kawirikawiri kumaoneka pakati pa tsiku lachinayi ndi lachisanu ndi chiwiri. Zizindikiro zake ndi kutentha thupi, kuthamanga kwa mtima ndi kupweteka m'mimba. Vutoli limachitika m'njira zonse ziwiri, yocheka ndi yoboola. Koma amene anachekedwa ali ndi bala lalitali lomukumbutsa kuti wadutsa pa chinthu chachikulu, pamene woboledwa amangoona timapulasitala tinayi, ndipo amatulutsidwa m'chipatala msanga. Ngati pamwamba pa zimenezi anauzidwanso kuti opaleshoni yake inali yaing'ono, thupi likatentha adzaganiza za malungo n'kutuma mwana kukagula panado pagolosale.

Dzina lachiwiri limene limamveka ndi "opaleshoni yosang'amba". Limakoma m'khutu, chifukwa mantha a anthu ambiri ali pa mpeni. Ngakhale mayi wochira kudzera m'fiyeta amanenedwa kuti wabereka ndi mpeni. Koma dzinali limalonjeza zimene dokotala sangalonjeze. Choyamba, kucheka kulipo ndithu, kwa masentimita 5 kuja. Chachiwiri, opaleshoni yoyamba ndi kuboola ikhoza kuthera pa kucheka mimba yonse, ngati chotupacho chamatirira ziwalo zina, ngati magazi akutuluka kwambiri, kapena ngati dokotala sakuona bwino. Zimenezi sizichitika kamodzikamodzi. Njirayi inayamba kugwiritsidwa ntchito pa matumbo aakulu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo lipoti lodziwika la Moises Jacobs ndi anzake a ku Miami, la odwala 20, linatuluka mu 1991. Kwa zaka zingapo madokotala ambiri anaikayikira, poopa kuti khansa ingamere pamabowo paja. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa COST, wa odwala 872, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2004, anapeza kuti khansa imabwerera mofanana m'njira zonse ziwiri, ndipo kuti oboledwa amatuluka m'chipatala patatha masiku 5 pamene ochekedwa amatuluka patatha 6. Koma anapezanso kuti mwa odwala 100 alionse oyamba ndi kuboola, 21 anafunika kuchekedwa ntchito ili m'kati. Kafukufuku wa ku Britain wotchedwa CLASICC, wa mu 2005, anapeza 29 pa 100. Luso ndi zipangizo zapita patsogolo kuchokera nthawi imeneyo ndipo chiwerengerochi chatsika, koma sichinafike pa ziro. Munthu amene anasaina atamva kuti "yosang'amba", akadzuka n'kuona bala lalitali, adzati ananamizidwa, ndipo pa mawu amene anauzidwawo adzakhala akulondola.

Mayina ena safuna kuwathera nthawi. "Opaleshoni ya kamera" si bodza, koma ena akamva kamera amaganiza kuti akukajambulidwa chabe, monga zimachitikira ku ekisileyi. "Ya kompyuta" ndi "ya leza" ndi zongokometsa: wogwira ntchitoyo ndi munthu, ndipo leza sagwiritsidwa ntchito podula matumbo m'njira imeneyi. Kumasulira liwu ndi liwu dzina lina la Chingerezi, "keyhole surgery", n'kunena kuti "opaleshoni ya pabowo la kiyi", n'kubweretsa fanizo la chitseko cha eni ake. M'Chichewa mawuwa amangodzutsa funso lakuti kiyiyo ali kuti.

Chichewa chili ndi njira yake yoikira kuchepa pamalo pake, ndipo njirayo ndi gulu la mayina la Ka-Ti. Bowo laling'ono ndi kabowo, ambiri ndi timabowo. Dzina lakuti "opaleshoni ya timabowo", kapena mwathunthu "opaleshoni yodzera pa timabowo", limachepetsa chimene chilidi chochepa n'kusiya opaleshoniyo pa msinkhu wake. Limalolanso womasulira kunena chiganizo chimene dzina loyamba lija silingalole, chakuti "iyi ndi opaleshoni yaikulu yodzera pa timabowo". Ndi dzina loyambalo chiganizochi chikanakhala "opaleshoni yaikulu yaing'ono". Mwana wa Sitandade 5 amene waphunzira magulu a mayina akhoza kulimva, ndipo Mtumbuka sadzavutika nalo, pakuti chiyankhulo chake nacho chimachepetsa ndi ka- ndi tu-. Dzinali lili ndi chofooka chake: silitchula pocheka potulutsira chidutswa paja, choncho wofotokoza ayenera kupatchula yekha.

Njira yakaleyo nayo ikufuna dzina losamala. Womasulira wofulumira akaona "open surgery" amalemba "opaleshoni yotsegula mimba". Pakati pa "kutsegula mimba" ndi "kutsegula m'mimba" pali kalembo kamodzi ndi nkhodolero, ndipo poyankhula kusiyanako kumatha; wodwala matumbo, amene mwina akutsegula m'mimba kale, angamve zina. "Kutumbula" n'kwa mbuzi ndi nsomba, kapena chithupsa. "Kung'amba" kuli pakamwa pa anthu, ndipo sikungachotsedwe, ngakhale kuti kumapereka chithunzi cha nsalu yokokedwa mwamphamvu. Polemba, "opaleshoni yocheka pamimba" ndiye dzina lodekha ndi loona.

Vuto lina, lovuta kuposa limeneli, ndi dzina la matendawo. Bungwe la WHO linati mu 2020 anthu oposa 1.9 miliyoni anapezeka ndi khansa imeneyi padziko lonse ndipo oposa 930,000 anafa nayo. M'Malawi khansa zofala kwambiri ndi zina, monga ya khomo la chiberekero, ya pakhungu yotchedwa Kaposi ndi ya kummero, ndipo mwina n'chifukwa chake mawu a khansa ya matumbo sanapulidwe mokwanira. "Khansa ya m'matumbo" ndi dzina lotakata: matumbo aang'ono, amene amatalika pafupifupi mamita 6, sagwidwa khansa kawirikawiri, pamene aakulu, a mita imodzi ndi theka, ndiwo nkhani yake. Aphunzitsi ayenera kukumbutsa ana kuti "aakulu" pano akunena za kunenepa osati kutalika. Aliyense amene anatsukapo zam'kati za mbuzi amadziwa zimenezi. Alembi ena, pofuna kulondola, amalemba "thumbo lalikulu", m'chimodzi. Pa galamala palibe cholakwa, thumbo ndi matumbo ndi gulu la Li-Ma. Koma apa Kaning'ina akuphunzitsa chinthu chimene munthu wokhala ku Dedza sangachione. M'Chitumbuka "nthumbo" ndi mimba, ndiponso pakati pa mayi woyembekezera. Khutu lozolowera Chitumbuka likamva "khansa ya thumbo lalikulu" likhoza kumva za mimba yotupa kapena za uchembere. "Matumbo" ndi liwu limene ziyankhulo zonse ziwiri zili nalo pa tanthauzo limodzi. Pa chifukwa chimenechi "khansa ya m'matumbo aakulu" ndiye dzina loyenera kulembedwa m'dziko lonse.

Liwu la Chingerezi "colorectal" lili ndi mbali ziwiri, ndipo yachiwiriyo ndi imene alembi amaithawa. Ndi chigawo chotsiriza cha matumbo aakulu, cha masentimita 12 mpaka 15, mmene chimbudzi chimadikira chisanatuluke. Liwu lakuti "mtumbo" lilipo, koma m'madera ambiri limamveka ngati kutukwana, ndipo mkonzi wa nyuzipepala kapena woulutsa mawu pa wailesi sangalilole mosavuta. M'malo mwake mumabwera "kumbuyo", "kumunsi", "kumalo obisika", mawu aulemu amene sanena malo alionse. Ulemu ndi chuma cha chiyankhulo, ndipo palibe chifukwa chouphwanyira dala. Koma pano kusiyanitsa kuli ndi mtengo wake. Chigawo chotsirizachi chili m'kati mwa mafupa a m'chiuno, mopanikizika, makamaka mwa amuna, ndipo kuchichotsa n'kovuta kuposa kuchotsa chigawo cha m'mwamba. Nthawi zambiri wodwala amayamba walandira chithandizo cha cheza ndi mankhwala. Umboni wa njira ya timabowo pa chigawochi unachedwanso kugwirizana: mu 2015 kafukufuku wotchedwa COLOR II anapeza kuti khansa imabwerera mofanana, pamene akafukufuku ena awiri a chaka chomwecho, wa ku America ndi wa ku Australia ndi New Zealand, sanathe kutsimikiza kuti chidutswa chochotsedwa mwa njirayi chimatuluka bwino mofanana ndi cha njira yocheka. Ndipo ngati chotupa chili pafupi kwambiri ndi kotulukira chimbudzi, dokotala amachotsa zonse n'kutulutsira thumbo pamimba, kuti chimbudzi chizigwera m'kathumba komatidwa pakhungu, mwina kwa moyo wonse. Zimenezi zikhoza kuchitika kudzera pa timabowo tomweto. Kuuza munthu wotere kuti akupita ku opaleshoni yaing'ono ndi nkhanza, ngakhale wonenayo atakhala ndi mtima wabwino.

"Matumbo akumapeto" kapena "chigawo chotsiriza cha matumbo aakulu" ndi mawu otalika, koma amanena malo, salaula, ndipo akhoza kuwerengedwa pamaso pa apongozi. "Kotulukira chimbudzi" kusungidwire khomo lenilenilo. Kusiyanitsa kumeneku kumathandizanso m'timabuku tochenjeza anthu. Magazi m'chimbudzi amatchedwa msanga kamwazi kapena mudzi, ndipo kwa ochokera m'mbali mwa nyanja monga ku Nkhata Bay amaganiziridwa likodzo. Matenda onsewa alipodi, ndipo ndi ofala kuposa khansa. Koma wodwala amene wamwa mankhwala a kamwazi miyezi yambiri mpaka matumbo kutsekeka amafika ku chipatala mimba itatupa, ndipo pamenepo njira ya timabowo kawirikawiri siithekanso, chifukwa m'mimba mulibe mpata wogwiriramo ntchito. Kabuku kolengeza njira yatsopanoyi kopanda kunena kuti imathandiza wofika msanga kakhala kakutsatsa malonda chabe.

Mpweya wopoperedwa m'mimba uja nawo uli ndi msampha. Ndi kaboni dayokisaidi, amene amasankhidwa chifukwa sayaka moto ndiponso amasungunuka msanga m'magazi n'kutuluka popuma. M'makalasi ambiri mpweya umenewu umatchedwa "mpweya woipa", kuusiyanitsa ndi "mpweya wabwino" umene anthu amapuma, ndipo m'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku "mpweya woipa" ndi ujanso umatuluka munthu akadya nyemba. Womasulira wokhulupirika ku zimene anaphunzira kusukulu adzauza wodwala kuti adokotala amupopera mpweya woipa m'mimba. Palibe munthu wanzeru amene angasaine atamva zimenezo. Pano kubwereka n'kwabwino kuposa kumasulira, kapena kungoti "mpweya wapadera wotukula mimba", n'kuonjeza kuti wotsalira wake ukhoza kupweteketsa phewa kwa tsiku limodzi kapena awiri.

Za kalembedwe n'zosavuta, chifukwa malamulo alipo. Bungwe la Chichewa, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, ntchitoyi isanapite m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996. Lamulo lodziwika ndi lakuti r amalembedwa pambuyo pa e ndi i, ndipo l pambuyo pa a, o ndi u. Choncho ndi "opaleshoni" osati "opareshoni", ndipo "kamera" ali bwino monga alili. Pa "khansa" ndi "kansa", zonse zimaoneka m'zolembedwa, koma Mchewa potchula amatulutsa mpweya pa k, monga mu "khasu", ndiye h ayenera kukhalapo. Ophunzira zaunamwino ndi zaudokotala adzafunabe liwu la akatswiri, ndipo lamulo lomwelo likupereka "lapalosikopi". Liwuli linachokera ku Chigiriki, ku mawu otanthauza m'nthiti mwa mimba ndi kuyang'ana, ndipo analiyambitsa ndi Hans Christian Jacobaeus wa ku Stockholm, amene anayesa njirayi pa anthu mu 1910, Georg Kelling wa ku Dresden atayamba waiyesa pa galu mu 1901. Chipangizo chenichenicho chikhoza kutchedwa "chosuzumirira m'mimba". "Chounikira" chikanakhala bwino, koma mneni "kuunika" anatengedwa kale ndi makina ojambula amayi oyembekezera, amene salowa m'thupi.

Mawu onsewa akaikidwa pamodzi, namwino wa ku Mzuzu akhoza kuuza bambo wa ku Kaning'ina motere: "Bambo, mwapezeka ndi khansa ya m'matumbo aakulu. Mufunika opaleshoni yaikulu. Adokotala ayesa kudzera pa timabowo, ndipo adzacheka pang'ono malo amodzi potulutsira chidutswa chodwalacho. Zikavuta m'katimo adzacheka pamimba, muli m'tulo momwemo. Mukatuluka, thupi likatentha kapena m'mimba mukapweteka, mubwere tsiku lomwelo." Ziganizo zisanu sizikwana mphindi imodzi. Chimene chikusowabe dzina lokhazikika ndi kathumba ka pamimba kaja: ena amati "thumba la chimbudzi", ena "chikwama", ena amangoloza ndi chala, ndipo odwala amene amakhala nako sanafunsidwe kuti iwo amakatcha chiyani akakhala okhaokha.